Diresi Lobiriwira la Mng'ono Wanga

Amayi anga ankasoka zofunda za zigamba. Ankadula timapepala ta ngodya zisanu ndi imodzi m'makope athu akale, n'kukutira kapepala kalikonse ndi kansalu, kenako n'kulumikiza tizigambato ndi singano mpaka tioneke ngati malesa a njuchi. Kamodzi pakati, tisanu ndi kamodzi mozungulira, ndiye duwa limenelo. Ine ndinayesapo kawiri n'kuleka. Ndili ndi mtima wapachala, ntchito yotenga chaka chathunthu sindingaithe.

Mng'ono wanga anamwalira kuchipatala cha ku Mtengowanthenga mvula itangoyamba. Titameta, abale anasonkhana kudzagawana zovala zake monga mwa mwambo. Amalume anayala mphasa pabwalo, zovala n'kumatulutsidwa m'thumba chimodzichimodzi. Ine ndinkangodikira diresi lake lobiriwira, limene ndinamugulira ku Mponela nditangoyamba uphunzitsi. Sindinkafuna china chilichonse. Thumba linatha, diresi osaoneka.

Amene anachapa zovalazo anali alamu anga, akazi a achimwene, mtengwa wochokera kumapiri a Ntchisi, wopanda mbale ndi mmodzi yemwe pamudzi pathu. Ndinaimirira pamaso pa anthu onse.

"Alamu, diresi lija mwaika kuti? Mpaka kubera wakufa, osaopa?"

Iwo anangowerama. Amayi anali pomwepo, atadzifunditsa chitenje kumutu, ndipo sanalankhule kanthu. Pasanathe milungu iwiri alamu anabereka mwana wawo kumbuyo n'kubwerera kwawo, chifukwa kuchitsime anthu anali atayamba kubisa sopo akawaona. Achimwene analeka kundipatsa moni. Ine ndinkati ndachita bwino.

Nthawi yokolola ndinapita kukaona amayi. Ndinawapeza pakhonde akusoka, maduwa a nsalu atadzaza lichero. Pakati pa duwa lililonse panali kachigamba kobiriwira. Nsaluyo ndinaizindikira ndisanaigwire n'komwe.

"Amayi, kodi munali inu?"

"Akanaligawa likanapita kutali ndi azakhali ako, kapena ukanalitenga iwe n'kulitsekera m'sutikesi," anatero osadzutsa mutu. "Ine ndimafuna ndizimufunda mwana wanga."

"Nanga bwanji munakhala chete tsiku lija?"

"Ndinaopa amalume ako. Ndinaopanso iwe."

Mawu amenewo amandipwetekabe mpaka lero. Ndinafuna kukalipa monga mwa chizolowezi changa, koma sindinapeze womukalipira. Manyazi anandigwira.

M'mawa mwake ndinakwera njinga yamoto ya ku Ntchisi, kenako n'kuyenda wapansi kukwera chitunda chakwawo kwa alamu. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba akutong'ola chimanga. Ndinagwada, ine amene mawondo anga ndi ouma, n'kuwauza kuti diresi lapezeka, ndinawanamizira, ndipo ndabwera kudzawapempha kuti abwerere kubanja kwawo.

"Zoti lili ndi amayi ndimadziwa," anatero alamu. "Ndine ndinawagwirira nsalu pamene ankadula."

"Ndiye bwanji simunanene, anthu onse akukuyang'anani?"

Anathira chimanga m'dengu, n'kutola chisononkho china.

"Mayi woti wangoika mwana wake m'manda, ndimuyalutse pabwalo? Iwo akanathawira kuti? Ine ndinali ndi kwathu."

Anandipatsa mpando ndi madzi akumwa, anandiperekezanso mpaka pamsewu. Koma pamudzi pathu sanabwererenso.