Utsi Woonetsa Alendo

Zaka zimenezo ndinkagwira ntchito yobereketsa ng'ombe popanda nkhunzi kumidzi ya ku Madzimoyo. Umuna wa nkhunzi tinkausunga m'chibotolo chachitsulo chodzaza nayitrojeni, mpweya umene amauziziritsa ndi makina mpaka usanduke madzi. Kupanga kuzizira kumeneko kumadya magetsi ambiri, koma kutha kwake sikuchedwa. Ngakhale utseke bwanji, mpweyawo umathawabe pang'onopang'ono, ndipo ukatsegula umachita kufuka.

Abwana athu ku ofesi ya ku Chipata ankaukonda utsi woyerawo. Kukabwera alendo ankandiitana n'kunena kuti, "Tsegulani aone." Alendo ankaomba m'manja, ena n'kumajambula pafoni. Ndikati, "Bwana, zikuthatu izi," ankanditcha waumbombo.

Tsiku lina ndinaviika kamtengo koyezera m'chibotolo muja, ndipo kanatuluka kouma: nayitrojeni anali atatha. Umuna unali utafa kale, koma abwana anandilamula kupita nawobe kumidzi, ndipo ine ndi mantha angawa ndinapita. Palibe ng'ombe inatenga bere.

Mpaka lero mayi wina wamasiye amene ankadikira thole akandiona pamsika wa Kapata amayang'ana kumbali. Abwana anakwezedwa pantchito. Chithunzi chawo chikadali pakhoma, akumwetulira mu utsi uja.