Msana wa Azakhali ndi Futoni Yathu

Mu dayale yanga ya chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri muli tsamba limene ndinalembapo mawu atatu okha: "Amayi akuopa azakhali."

Tinkakhala ku Erdington, kuno ku Ulaya, m'kanyumba ka zipinda ziwiri. Bambo anali atamaliza maphunziro awo, ndipo achemwali awo aakulu ankabwera kuchokera ku Balaka kudzaonerera mwambo wolandira digiri. Bedi langa linali loti agonepo iwo. Ine anandigulira futoni, matiresi opyapyala a ku Japan, amene kuno amawaika pa timatabwa tatifupi kuti masana akhale sofa. Timatabwa tathu tinathyoka sabata yoyamba, ndiye ndinkangoyala pansi pabalaza.

Amayi sankafuna kuti azakhali aone zimenezo. "Akakanena kumudzi kuti ku Ulaya mwana wanga amagona pansi, ndidzayang'ana kuti?" Choncho ndinkadzuka mamawa, kuipinda katatu, n'kuikankhira kuseri kwa katani.

Tsiku lachitatu chifikireni azakhali, ndinachedwa kudzuka. Ndinamva masitepe akulira, ndipo azakhali anatulukira atagwira m'chiuno, ine ndili chogwada, futoni ili m'manja.

"Iwe, chimenecho n'chiyani?"

"It's a futon, azakhali," ndinayankha motsitsa mawu.

"Futa chiyani? Tabwera nacho kuno."

Anagwada movutikira, n'kuyamba kuidina ndi chibakera ngati akusankha dzungu pamsika. Kenaka anainunkhiza. Amayi anali ataima pakhomo la kukhitchini, thaulo lili m'manja, osaphethira.

"Ili ndi thonje," anatero azakhali, amene analima thonje moyo wawo wonse. "Thonje lenileni. Alamu, mwandilakwira. Mwana pa thonje, ine mlendo pa mawaya aja? Ndikatembenuka bedi likuyankha. Masiku atatu msana wanga sukundipatsa mtendere."

"Koma alamu, pansi? Anthu akamva..."

"Anthu ake ati? Msanawu ndi wa anthu?"

Anagonapo nthawi yomweyo, chagada, nsapato zili kumapazi, n'kupuma mpweya wautali. Ndinaseka mosafuna, ndipo anandikoka mkono kuti ndigone pambali pawo. Ankanunkhira mafuta odzola ndi tiyi. Tinakhala choncho tikuyang'ana kudenga mpaka bambo anatsika, tayi ili pakhosi, n'kufunsa ngati wina wakomoka.

Masabata asanu otsalawo futoni inakhala yawo. Dzuwa likangosuzumira ankaiyanika pampanda n'kumaiomba ndi mpini wa tsache, maso ali kumitambo, chifukwa mvula ya kuno sichenjeza.

Atabwerera, kalata yawo inafika patatha mwezi. Amayi anaigwira nthawi yaitali asanaitsegule, kenaka anandipatsa kuti ndiwerenge ndine. Azakhali analemba kuti anauza mudzi wonse kuti mlamu wawo anawagoneka pa thonje la ku Japan, ndipo amayi a kutchalitchi akufunsa ngati chinthucho chingakwane m'ndege.

Amayi anakhala pansi n'kundiuza kuti ndiwerengenso.