Mafani Osalira

Zaka zonse zimene ndinagwira pachipatala chija cha kufupi ndi Bangula, jenereta sinachedwepo m'manja mwanga. Kafunseni aliyense. Sukulu ndinalekezera sitandade thu, koma khutu langali palibe analiposa.

Ntchito ndinkaigwira chonchi. Ndinkakhala pansi pa mtengo wa nimu, kuseri kwa wodi ya abambo. M'wodimo munali mafani akale achitsulo, olira ngati chigayo. Akangoti zii, ndinkadziwa kuti magetsi athima, ine liwiro kukaliza jenereta. Adokotala asanayambe n'kutukwana komwe, kuchipinda cha opaleshoni kwawala kale.

Ndiye kunabwera bwana watsopano, wovala tayi kutentha kwa kunoku. Akuti mafani akalewo akudya magetsi. Anawazula onse n'kumangitsa ena oyera, opepuka. Mphepo ankapereka, sindinama. Koma kulira, ayi.

Ndinamulondola ku ofesi. "Bwana, mwanditseka khutu."

"Madala, fani ndi ya odwala, si wailesi yanu," anatero osadzutsa n'komwe mutu. "M'kanyumba ka jenereta taikamo kababu kofiira kosonyeza kuti magetsi athima. Muzikhala momwemo n'kumakayang'ana."

"M'malata muja, Okutobala uno? Kakhalenimoni inuyo, tione ngati tayiyo sipsa."

Sindinakhalemo. Munthu si nsomba yoti aziyiwamba.

Patapita masabata atatu, dzuwa lili paliwombo, anabwera naye mayi wa ku Makhanga, mwana atapingasa m'mimba. Ali pa mpeni, magetsi anathima. Ine ndili pansi pa nimu, khutu tcheru, koma wodiyo inali chete kuyambira m'mawa, ndikanadziwira pati? Ndinangoona namwino akuthamanga, magolovesi ali magazi okhaokha.

"Agogo inu, mukufuna atifere munthuyu?"

Ndinaliza jenereta. Mayiyo anachira, mwananso ali moyo, koma anamutulutsa akuunikira ndi tochi ya foni.

M'mawa mwake bwana uja anandiitana, pepala lili patebulo.

"Akuti munagona."

"Wanena ndani? Abwere adzanene pamaso panga."

"Musakweze mawu. Dindani chala apa. Ntchito sitikukuchotsani, koma kuyambira Lolemba muzitchetcha udzu."

Ine, mwini jenereta, kundigwiritsa chikwakwa anamwino akuona. Ndinamasula makiyi m'chiuno n'kuwaponya papepala lakelo, mpaka a ku maternite anamva.

"Chala changa sichidinda bodza. Amene anagona ndinuyo, tsiku lomwe munkagula mafani anu osalankhulawo."

Ndinakwera njinga osatsanzika munthu. Mpaka lero, mwendowu ukatupa, ndimalolera kupanikizana mu minibasi mpaka kuchipatala cha ku boma. Pageti paja sindipondapo.