Ndine Mwana wa Yani Papepala?

Aphunzitsi athu anali ndi galasi lokulitsira zilembo, la chigwiriro chakuda chong'aluka, lomwe ankasunga m'sokosi yakale. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, tikukhala ku Partick, kudziko la azungu, ine ndi amayi. Aphunzitsiwo anali ochokera ku Mangalande, ndipo patchuthi ankapita kwawo kukafufuza makolo awo m'mabuku akale a mpingo ndi m'mawilu a anthu omwe anafa zaka mazana zapitazo.

Chisanu cha chaka chimenecho anatibweretsera mapepala awiri ojambula pamakina, zilembo zake zopindika ngati mapazi a nkhuku. Loyamba linali wilu ya mlimi wina, kholo lawo, amene anasiyira "mwana wanga wamkazi" bedi ndi ng'ombe imodzi. Lachiwiri linali tsamba la kaundula wa ubatizo, ndipo pamenepo mtsikana yemweyo analembedwa kuti ndi mwana wa mchimwene wake wa mlimiyo. "Mwaona?" anatero mosangalala. "Pakamwa pamabisa, koma pepala limaulula." Kenaka anatituma kuti tikajambule mtengo wa banja lathu, tikaonenso zikalata zathu zakubadwa.

Lero sindiwaimba mlandu. Iwo ankakamba za akufa okhaokha.

Amayi anali atangoweruka kunyumba yosamalira okalamba, manja akununkhabe mankhwala opha tizilombo. Nditapempha chikalatacho, anazimitsa ketulo madzi asanawire. Loweruka masana amalume anabwera pabasi kuchokera ku Gorbals, dera lina la mzinda womwewo, osavula n'komwe jekete. Ananditumiza kuchipinda, koma zitseko za nyumba zija n'zopyapyala.

"Mumuuze nokha, mlongo, asanadzionere papepala."

"Sindingathe, achimwene. Akadziwa basi, ndamutaya mwanayu."

Chichewa changa chinali chochepa, poti amayi akandiyankhula ndinkayankha m'Chingerezi, koma kutaya ndinkakudziwa. Timataya zinyalala. Ndinazindikira kuti ndinali ngati mtsikana wa mlimi uja, ndipo kwinakwake kunali buku lomwe linali ndi dzina la mwini wanga weniweni.

Kuyambira pamenepo ndinkaopa wamtengatenga wa makalata. Chibowo cha pachitseko choponyerapo makalata chikangoti phwa, ndinkathamangira kukatola makalatawo amayi asanawaone. Envulopu ina yabulauni ndinaibisa kuseri kwa chotenthetsera m'nyumba mpaka inayamba kununkha kupserera. Ndinkatsuka mbale osatumidwa, ndinkadya pang'ono, kuti pasapezeke chifukwa chonditayira. Ku tchalitchi azimayi akati, "Koma ndiye akufanana ndi malemu!" ndinkagwira siketi ya amayi mpaka zala kuwawa, osafunsa kuti malemuwo ndani.

Tsiku lopereka ntchito ndinajambula mabokosi awiri okha, amayi pamwamba, ine pansi, ndi mzere wonenepa womwe ndinaubwereza mpaka pepala kubooka. Aphunzitsi anauyang'ana mtengo wangawo nthawi yaitali. "Ndi wokwanira," anatero, n'kuupachika pakhoma pamodzi ndi ya anzanga.

Palibe amene anabwera kudzanditenga. Sindikanatha kudziwa pa msinkhu umenewo kuti amene anandibereka anamwalira ku Zomba ndisanayambe kuyenda, ndipo mng'ono wawo, amayi omwewa, ananditenga, nayenda m'makhoti mpaka zonse zitalongosoka. Kwathu mng'ono wa mayi ako ndi mayi ako, palibe bodza pamenepo. Koma ine ndinkakulira m'dziko lomwe munthu wotero amamutchula dzina lina, osati mayi. Chisanu chonsecho ine ndi amayi tinkagona chipinda chimodzi, aliyense akuopa kuti mnzakeyo amusiya.