Ndime ya m'buku la masamu

Mayeso a Sitandade 8 ndinalemba kawiri, ndipo kawiri konse dzina langa silinatuluke pa osankhidwa kupita ku sekondale. Bambo anali atamwalira, choncho mawu omaliza pa ine anali a amalume, achimwene awo a amayi. Iwo ananena mosapsatira kuti chaka chachitatu chikhala chomaliza. Ndikalepheranso, panali kale mwamuna wina wogula matemba ku Kachulu amene ankafunsa zoti andikwatire. Ine ndinkadana ngakhale ndi belu la njinga yake.

Mantha anandipatsa nzeru zopusa. Ndinafuna kulemba ndondomeko yowerengera kuseri kwa kalendala yakale, koma amayi anandilanda msangamsanga, pakuti kutsogolo kwake kunali chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, ndipo masiku amenewo munthu ankatha kusowa pa nkhani yochepa ngati imeneyo. Ndinalemba pa pepala la shuga. Buku lonse la masamu lithe m'sabata imodzi, mawu a Chingerezi makumi asanu tsiku lililonse, mbiri ndi sayansi pamwamba pake. Nditamaliza kulemba ndinadziona ngati ndakhoza kale.

Tchuthi chinafika mpunga ukucha kudambo. Ntchito yanga inali kukhala pa nsanja tsiku lonse, kukoka zingwe zomangirira zitini kuti mpheta zithawe. Ndinakwera ndi mabuku anayi. Ndikayang'ana m'buku, mpheta zinkatera. Ndikakoka chingwe, ndinkaiwala pomwe ndinalekezera. Tsiku lachitatu ndinaumitsa mutu, ndinasiya zingwe n'kumawerenga basi, ndikuthamangitsa masamba amene sindinkawamva n'komwe. Podzutsa maso, mbali yonse ya kunyanja inali itayera, ngala zili mankhusu okhaokha.

Amayi anandipeza ndikulira. Sukulu sanapiteko, koma anandiuza kuti ndiwawerengere zolembedwa pa pepala la shuga lija. Nditamaliza anaseka mpaka kupukuta misozi.

"Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada," anatero. "Iwe, unaonapo ine ndikuwokera dambo lonseli tsiku limodzi? Si ndimadula ndime, n'kuimaliza, n'kupita kwathu?"

Anatenga buku la masamu, natsina masamba angapo ndi zala monga amatsinira fodya, nalowetsapo kaphesi ka mpunga. "Ndime yako ithere apa."

Kaphesiko kanagwera pakati pa samu, ndipo masambawo anali ochulukabe. Ndinakasuntha ndekha, ndikuchita manyazi ndi kuchepa kwake. Ndinadzifunsa moona mtima chimene chinkandigwetsa pa mayeso, ndipo yankho linali limodzi: mafulakishoni. Ndinabweza mabuku atatu kunyumba. Ndinadzidulira masamu asanu patsiku, owerengedwa masana dzuwa likaswa mtengo, nthawi imene mpheta nazo zimakapuma m'bango. M'mawa ndi madzulo manja anali pa zingwe.

Masiku ena asanuwo ankatha msanga, ndipo mtima unkati onjezera khumi. Ndinkaukaniza. Masiku ena samu imodzi inkandigwira mpaka mthunzi wa nsanja utatembenuka. Madzulo amayi ankangofunsa kuti, "Ndime yatha?" Ndikati yatha, ankagwedeza mutu ngati ndawauza za mvula. Mafulakishoni atayamba kundimvera, ndinawonjeza mawu a Chingerezi asanu, osati makumi asanu aja.

Sabata yomweta mpunga amalume anabwera pa njinga kudzaona munda. Anayenda m'malire mwakachetechete mpaka anafika mbali yodyedwa ija. Anafikisa ngala m'manja, kenako anayang'ana buku lomwe linali pa nsanja. Ndinadziwa kuti akamva kuti mabuku ndiwo anadyetsa mpunga, sadikiranso mayeso.

"Chemwali, ankalondera kuno ndani?"

"Ndine, achimwene," anayankha amayi osaphethira. "Mwanayu ndinamutuma kuchigayo. Ine ndinakhala pa nsanjapo, tulo tinandiba."

Amayi anali munthu wopemphera, woti ngakhale wogula mpunga ankamuuza okha kuti thumba ili lili ndi timiyala. Ndinali ndisanawamvepo akunama. Amalume anawakalipira pamaso panga ngati mwana, kuti munthu wamkulu sagona mbalame zili m'munda, ndipo iwo anangoweramitsa mutu n'kumati, "Ndalakwa, achimwene."

Chaka chimenecho ndinasankhidwa. Sindinali woyamba m'kalasi, koma dzina langa linalipo. Za tsiku lija amayi sanazitchulenso, inenso ndinkachita manyazi kuziyamba, ndikumati ndidzawathokoza ndikadzakula. Anamwalira ndili Fomu 3, ndisananene kanthu, ndipo mpaka lero zimandipweteka.