Goloboyi wa Kuseri kwa Khoma Lathu

Ndikamva nyimbo ya fuko la eni ikuimbidwa pa tivi mpira usanayambe, mphuno zanga zimabwerera zokha ku Sheffield, m'chipinda cha a Mirko momwe munkanunkha kabichi wowawasa, fodya wa m'kaliwo ndi mankhwala otentha aja opaka m'mawondo. Nyumba za mumsewu wathu zinali zogundana, zondandalikana pachitunda, ndipo khoma lotilekanitsa ndi a Mirko linali lopyapyala moti akatsokomola, amayi ankati, "Mkulu uja wadzuka." Masiku a mpira wachipulula, pamene mayiko a ku Ulaya ankalimbirana malo opitira ku mpikisano waukulu, tinkamva mpando ukukhwekhwerezeka, kenako mawu awo okalamba akutsatira nyimbo m'chinenero chimene panalibe wina aliyense mumsewumo ankachimva.

Ine ndinali kamtsikana ka msinkhu wa sitandade folo, nditangofika kumene kuchokera ku Dedza. Amayi anali namwino pachipatala chachikulu. M'nyumbamo munalinso amalume a Kondwani, mlongo wawo wamng'ono wa amayi, amene anabwera ngati mlendo, viza n'kuwathera, iwo osabwerera. Ankagwira ntchito yopakira makatoni pogwiritsa ntchito dzina la munthu wina wa kutchalitchi kwathu, dzina lake Patrick. Lamulo la m'nyumba mwathu linali limodzi: aliyense akafunsa, amalume kulibe ndipo sanakhaleko. Ndinkadziwa bwino kuti akangogwidwa akakwezedwa ndege, ndipo sitidzawaonanso m'dziko muno.

Tsono tangoganizani kukhala ndi chinsinsi chotere pafupi ndi nkhalamba yosachoka pawindo. A Mirko ankakhala pamenepo kuyambira m'mawa, ndipo ngati maso awo sankakwana, anamangirira kagalasi ka galimoto pafelemu kuti aziona msewu wonse, kumtunda ndi kumunsi, osatembenuza khosi. Amayi sankawamvetsa ngakhale pang'ono.

"Munthu wopanda mlendo, wosapita kutchalitchi, wosagwira ntchito," ankatero uku akusita yunifolomu, "amadya chiyani ngati sadya nkhani za anzake?"

Tsiku lina Loweruka anakazinga mandasi, n'kuika asanu kapena kuposerapo m'mbale yabwino ija ya alendo, n'kundiitana. "Tadala, kapereke kwa aneba. Koma maso akagwire ntchito. Ukaone ngati foni ili pafupi ndi windo, ndiponso ngati pakhoma pali zithunzi za anthu ovala za boma." Umo ndi mmene ndinalembedwera ukazitape, malipiro ake ndasi limodzi.

A Mirko anatsegula chitseko pang'ono chabe, n'kundiyang'ana ine, mbale, kenako msewu wonse kumbuyo kwanga. Anali munthu wamfupi, wamapewa otambalala, ndipo zala zawo zinali zokhotakhota, china choloza uku china uko. Chingerezi chawo chinali chothyokathyoka ngati changa, mwina n'chifukwa chake tinkamvana.

"Amayi ako akutuma kudzaona," anatero. "Lowa uone. Ukatha kuona, ukhale pansi, mpira ukuyamba."

Ndinachita manyazi mpaka kumapazi. Foni inalidi pafupi ndi windo. Zithunzi kunalibe ngakhale chimodzi, makoma ali mbee. Ataika mbale pathebulo, anasankha ndasi limodzi la pansi penipeni, n'kundipatsa, n'kudikira nditafune ndi kumeza asanakhudze ena. Nditakafotokoza kunyumba, amayi anaika manja m'chiuno. Kwathu wopereka chakudya akalawa yekha ndi ulemu, koma wolandira akakulamula kuti uyambe walawa, wakutukwana.

"Watiyesa afiti? Ife? Wosamba m'manja ndine kapena iyeyo?"

Anandiletsa kupitako, koma amene anaswa lamulo si ine. Amalume ankakonda mpira kuposa chakudya, ndipo tivi yathu sinkagwira matchanelo onse. A Mirko anali ndi mbale ija ya padenga yokoka masewero a mayiko akutali. Khoma likayamba kunjenjemera ndi phokoso la ochemerera, amalume ankayendayenda m'khichini, kutsegula filiji n'kuitseka osatengamo kanthu. Potsiriza anandigwira dzanja n'kulowa nane kwa a Mirko, kuti zioneke ngati akundiperekeza.

"Kondwani iwe," amayi anawachenjeza atazindikira, "mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Mpirawu udzakupereka."

"Achemwali, ndi nkhalamba chabe. Ndikangoonera theka loyamba."

Theka loyambalo linatha chaka chathunthu. A Mirko sankaphonya mpira wachipulula, ngakhale wa timayiko tomwe amalume ankati sitingagonjetse timu ya pamsika wa Lizulu. Dziko lawo sankalitchula. Ankangoti pamapu kulibenso, linang'ambika, ndiye iwo amaimirira nyimbo za zidutswa zake zonse. Ankati anali goloboyi wa timu ya dziko limenelo, zaka zija nkhondo yaikulu itangotha, pamene makoma a mabwalo anali akadali ndi maenje a zipolopolo, nsapato zikusokedwa ndi osewera eni ake madzulo, mpira wachikopa ukalowa madzi n'kulemera mpaka kuthyola zala. Akafika pamenepo ankatambasula manja awo kuti tione.

Amalume sankakhulupirira. Tikatuluka ankandinong'oneza kuti zala zotere ngakhale wa m'fakitale ya zitsulo amakhala nazo. Tsiku lina anawafunsa maso ndi maso, mwaulemu koma mwachipongwe, kuti anagwira mipira ingati m'masewero a dzikolo.

"Ngakhale umodzi," a Mirko anayankha osachita manyazi. "Ndinali goloboyi wachiwiri. Nthawi imeneyo mpira ukayamba, wayamba, wapanja ndi wapanja. Ine ntchito yanga inali kukwera sitima, kuvala jekete la dziko, n'kumapemphera kuti mnzanga adwale m'mimba."

"Ndiye munkasewera kapena munkaonerera ngati ife?" Amalume anaseka mpaka misozi, ndipo a Mirko nawo anaseka, koyamba kuwamva akuseka.

Koma nkhani ina sankaiseka. Ankati timu ikamapita kukasewera kunja, pankakhala amuna awiri ovala makhoti aatali amene sanamenyepo mpira chibadwire, ntchito yawo kuwerenga mitu pokwera ndi potsika. Amenewo sankaopsa, chifukwa aliyense ankawadziwa. Woopsa anali mmodzi mwa osewera, amene ankapereka malipoti a anzake. "Sakhala uja wokhala payekha," ankatero akuloza ndi kaliwo osewera atandandalikana pa tivi. "Amakhala amene mumagona naye chipinda chimodzi, woimba nyimbo ya fuko mokweza kuposa onse." Nthawi ya nyimbo ankayandikira tivi n'kumayang'ana milomo ya anyamatawo mmodzimmodzi, ngati kuti zaka zonsezo sizinadutse.

Iwo anathawa pambuyo pa masewero achipulula m'dziko lina la kumadzulo. Sanathamange. Ananyamula thumba la majezi onyowa paphewa ngati wotumidwa kukachapitsa, n'kudutsa amuna a makhoti aja, kutuluka pageti, kumangoyendabe. Atamaliza kufotokoza tsiku limenelo, anatembenukira kwa amalume.

"Galimoto ya kuntchito ikabwera kudzakutenga, amakuitana Patrick. Mwanayu amati amalume a Kondwani."

Amalume anauma pampando.

"Inenso dzina la Mirko si langa," anatero a Mirko, n'kuwonjezera mawu a tivi.

Usiku umenewo amayi sanadye. Anati zatha basi, nkhani ya majeziyo inali nyambo, ndi mmene akazitape amachitira, amakupatsa chinsinsi chabodza kuti uwapatse chenicheni. Ndinawakhulupirira. Kwa milungu ingapo ndinkadutsa pawindo paja nditaweramitsa mutu, kagalasi kaja kakunditsatira mpaka pokwerera basi.

Linali Loweruka lina la mu Okotobala, masana, kunja kukuwaza mvula, pamene amalume analepheranso kupirira. Chimodzi mwa zidutswa za dziko la a Mirko chinkasewera, ndipo chikagonja ulendo wa ku mpikisano unali wothera pompo. Amayi anali mtulo atachokera ku shifiti. Tinalowa kwa aneba ngati akuba. Mpira uli mkati, ndinaona a Mirko asiya kuyang'ana tivi, maso ali pa kagalasi. Kumunsi kwa msewu kunaima galimoto yoyera, n'kutsikamo anthu ovala zofanana, a boma oona za olowa m'dziko. Analunjika pakhomo pathu.

Amalume anadzambatuka kulowera kuchitseko cha kumbuyo. Zala zokhota zija zinawagwira pamkono, ndipo ngakhale anali mnyamata wonyamula makatoni tsiku lonse, sanathe kudzipulumutsa.

"Kumbuyo aimikako kale munthu," a Mirko anatero motsitsa mawu. "Khala pampando uwo wa kuseri kwa chitseko. Wothamanga ndi amene amaoneka."

Khoma lija lomwe linkatibweretsera chifuwa cha a Mirko tsopano linkatibweretsera nyumba yathu. Tinamva nsapato zikukwera masitepe, zitseko za makabati zikutsegulidwa, ndi mawu a amayi akuyankha m'Chingerezi chawo cha kuchipatala, chaulemu. Kenako kunagogodedwa kwa a Mirko.

Anatsegula monga ankachitira nthawi zonse, pang'ono chabe, thupi lawo litadzaza mpatawo, n'kuyamba kukalipa kuti anthu alibe ulemu, kugogoda mpira uli pamoto. Atafunsidwa za mnyamata wa khomo linalo, anaganiza kaye ngati akukumbukira.

"Wamtali uja? Anachoka chilimwe chisanathe, ndi chikwama chake. Ine ndimakhala pawindo apa tsiku lonse, funsani aliyense mumsewu muno, amadana nane chifukwa cha zimenezo. Akanakhalapo ndikanamuona."

Anthu aja anathokoza n'kupita. Amalume anatsetsereka pampando mpaka kugwada pansi, akuwomba m'manja mwakachetechete monga timachitira kwathu. "Zikomo bambo, zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni."

"Dzuka, usandithokoze," a Mirko anatero. Anakhala pansi n'kupuma nthawi yaitali. "Inenso palibe anandigwira. Ndinapambana, eti? Mayi anga anamwalira ine ndili mumzinda uno ndikusenda mbatata m'khichini ya fakitale. Ndinamva chaka chitatha, kwa munthu wodutsa. Amayi ako ali moyo?"

"Ali moyo, bambo, ku Dedza. Koma miyendo ikuwavuta."

A Mirko anangogwedeza mutu n'kubwezera maso pa tivi. Timu yawo inagonja, ndipo palibe mwa ife anaona chigoli chake.

Mwina mukuganiza kuti amayi anakazinganso mandasi othokoza. Simukuwadziwa amayi anga. Funso lawo loyamba linali lakuti, anadziwa bwanji kuti kumbuyo kuli munthu? Lachiwiri, ngati si iwowo anaimba foni, ndani? Kuyambira pamenepo anasiya kuitana anthu a kutchalitchi kudzadya Lamlungu, ndipo nthawi ya nyimbo ndinkawaona akuyang'ana milomo ya anzawo a m'kwaya. Amene anatipereka sitinamudziwe mpaka lero.

Amalume ndiwo anasintha. Anasiya kuseka, anasiya mpira, ankangokhala pamasitepe ndi foni akuyankhula ndi agogo. Khirisimasi isanafike anauza amayi kuti akubwerera okha, ndi mapazi awo. Amayi analira, anakalipa, anatchula zonse zimene anapirira powabisa. Amalume anangoti, "Achemwali, ndamuona munthu amene sanagwidwe. Sindikufuna kudzakhala pawindo." Tsiku lonyamuka a Mirko anatuluka panja, chinthu chosowa, n'kuwagwira chanza.

Patapita zaka zingapo, ambiri mwa anzawo a amalume amene analimbikira kubisala anapatsidwa mapepala. Ena ali ndi nyumba zawo ku Leeds, ana awo anamaliza yunivesite. Amayi sanawapatsenso moni a Mirko mpaka tsiku limene ambulansi inadzawatenga komaliza. "Sanaimbe foni, chabwino," amatero mpaka pano, "koma mlongo wanga anamuthamangitsa ndi iyeyo."

Nditakula ndinapita ku Dedza. Ndinawapeza amalume ali ndi imvi, akugulitsa mbatata za kachewere m'mphepete mwa msewu, ana awo awiri akuwathandiza kupakira m'matumba nthawi imene anayenera kukhala m'kalasi. Titakhala pansi ndinawafunsa ngati amawadandaula a Mirko. Anapukuta manja pathalauza.

"Amayi anga anamwalira mutu uli pamwendo pangapa," anatero. "Ndinawaika ndekha." Kenako anayang'ana ana aja. "Koma awa akanakhala ngati iwe."

Zimenezi ndi zomwe ndimayenda nazo. Sindikudziwa ngati a Mirko anavaladi jekete la dziko lawo, ndipo sindikudziwa ngati anawapulumutsa amalume kapena anawalanda tsogolo. Amayi ali ndi yankho lawo ndipo amagona nalo bwino. Ine ndinkawakonda nkhalamba ija, ndimawakondabe, koma mwezi uliwonse ndikamatumiza kangachepe kuti ana a amalume abwerere kusukulu, ndimawakwiyira ndithu.