Bulaki Sayenda Kumanja

Lachiwili lapitali ng'ombe ziwili zinandichititsa manyazi pamaso pa anthu kuno kwa Kalindawalo. Ndimafuna kupititsa manyowa kumunda pa ngolo, ndiye ndinamanga goli: Bulaki kumanja, Kapiteni kumanzele. Ndinaliza mluzu, ndinakuwa. Ng'ombe zinangokankhana, kenaka zinakokela ngolo m'mizele ya mbatata ya aDaka, oyandikana nawo nyumba.

ADaka anabwela osathamanga.

"AMwanza, ng'ombezi anasiya ndi atate anu. Simunaonepo kuti Bulaki ndi wa kumanzele?"

Sindinaonepo. Ng'ombe iliyonse imazolowela mbali yake ya goli, ukaisintha imakana. Koma masiku amene atate ankamanga goli, ine ndinkakhala kuseli kwa nkhokwe, mphuno ili m'buku.

Nkhani inafika msanga kwa alamu anga a ku Nyimba. Iwowa akhala akundikakamiza chaka chonse kuti ndigulitse ng'ombezi, tigule njinga yamoto yonyamula anthu kupita ku Petauke. Pa foni anaseka mpaka kutsokomola. "Alamu, ng'ombe zakukanani zokha. Mukudikilanso chiyani?"

Ndikuyankha pano kuti nonse mumve: sindigulitsa.

Mabuku omwe anandipusitsa aja anandiphunzitsanso kanthu. Mafuta a galimoto amachokela pansi, ndipo palibe amawabwezelamo. Sadzatha tsiku limodzi ayi. Adzachita ngati chitsime mu Okutobala: madzi alimo, koma chingwe chikunka chitalika, ndipo wa chingwe chachifupi ndiye amayamba kubwelela ndi ndowa youma. Mukuganiza kuti pa dziko lonse lapansi wa chingwe chachifupi ndani? Wa ku Lusaka amatunga ife tisanafike. Nanga wa kunja?

Tazilawa kale. Thilakitala yolipila imafika mvula itapita patali, akuti dizilo. Chigayo chikaima, akuti dizilo. Mtengo wa basi ya ku Chipata ukakwela, yankho ndi lomwelo. Koma tikaona munthu ali pa ngolo timati ndi wotsalila, ndipo khola tikuligulitsa kuti tigule chinthu chomwa mafuta tsiku ndi tsiku. Kodi njinga yamoto inabelekapo mwana? Inasiyapo ndowe zoti n'kuthila m'munda?

Sindikuti tibwelele kumakedzana. Mwana akadwala, nanenso ndimafuna liwilo lopita kuchipatala. Ndikungoti chatsopano chikakomakoma usamataye chakale usanadziwe kuti chatsopanocho chidya chiyani mawa. Bulaki amadya udzu wa padambo, ndipo udzu sudikila sitima ya panyanja yobweletsa mafuta.

Sekani, alamu. Sekani nonse amene munandiona ndikuthamangila ngolo, patapata imodzi itatsala m'ndowe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wanga ali m'khola, akubzikula.

Madzulo ndinapita kukakonza mizele ya aDaka ndi khasu. Ndinayamba kuwafotokozela za chitsime ndi chingwe chija, ndikuyesa kuti andiyamikila. Anamvetsela mpaka ndinamaliza, kenaka anati:

"Zamveka, aMwanza. Mafuta akadzavuta ng'ombe zidzakhalapo. Koma odziwa kumanga goli tatsala atatu m'mudzi muno, ndipo ine mawondo anatha. Mailo m'mawa mubwele kusanatenthe. Buku musiye kunyumba."